Mlandu wa Tinyongolotsi ta ku Seraleng

Amayi anu akuti mwakhala mukundiseka kuseri, eti agogo akalamba, dimba la komiti lili apa pomwe koma tomato amakagula ku Zinniaville, kukwera takisi ndi mawondo otha kalewa chifukwa cha tomato wa ndiwo imodzi. Sekani ndithu, mano mukadali nawo. Koma poti lero mwabwera nonse, ndipo magetsi apita moti mafoni anu athima okha, khalani apa ndikuuzeni za munthu wina dzina lake Bauleni, ndi zimene anamuchita anthu okhulupirira makompyuta. Iwe Madalitso, sendera uko mlongo wako akhale.

Ndiyambire kwathu ku Dowa, apo ayi simundimva. Bambo anga ankalima fodya. Chaka chilichonse mvula isanagwe tinkasenza mapesi a chimanga kupita nawo kudambo kumene kunali nazale, kuwaunjika pabedi mpaka m'chiuno, n'kuyatsa. Ine ndili mwana ndinkaona ngati ndi ntchito yongotizunza. Tsiku lina nditadandaula, bambo anazula fodya wina wofota kumapeto kwa munda n'kundionetsa mizu yake. Inali yotupa, timfundo tokhatokha ngati mikanda.

"M'dothimu muli tinyongolotsi," anatero. "Sungatione ndi maso. Tikalowa mumuzu, mbewu imamwa madzi koma osakhuta. Moto ndiwo umatipha."

Bambo anga sanaponde m'kalasi ngakhale tsiku limodzi. Ndikunena izi chifukwa inu mumayesa nzeru inabwera ndi intaneti.

Ku Joni kuno ndinabwera pa kontrakiti ndilibe ndevu. Inu mukamapita kumudzi mumadandaula kuti basi yachedwa pa malire. Ife anatifoletsa pamzere, kutivula malaya, kutikweza pa sikelo ngati mabelo a fodya, kenako kutilowetsa m'ndege yopanda mipando yeniyeni, aliyense atagwira chikwama cha pepala chosanziramo. Ndinayamba ku migodi ya golide, pambuyo pake ndinadzafika kuno ku pulatinamu. Ntchito yanga inali ya malayisha, ndiye kuti wokokolola miyala ndi fosholo ena akaphulitsa. Fosholo yake simunaionepo inu, yaifupi mpini, chifukwa pansipo munthu sankaima chilili.

Bauleni ndinamupeza mu komponi, mmene tinkagona ife antchito a pamgodi. Anali wa ku Ntcheu, kudera kumene mwana amayamba kumangirira tomato asanadziwe kumanga kabudula. Iye ankaboola miyala ndi makina, ndipo makinawo anamutseka khutu limodzi, choncho ankalankhula mokweza ngakhale m'tchalitchi. Chakudya cha mu komponi chinali nyemba za miyala ndi mahewu, tsiku ndi tsiku, mpaka munthu kulota masamba. Bauleni anadula mgolo wotayidwa, n'kuuika kuseri kwa mabafa, n'kufesamo mpiru. Njere zake anabwera nazo kuchokera kwawo m'kabotolo ka mafuta odzola. Lamlungu tinkagawana masamba atatu atatu, amuna akuluakulu a ndevu zawo, ngati ana ogawana siwiti.

Anzathu ambiri anabwerera kumudzi. Ife tinatsala, tinasanduka machona, ndipo zimenezo ndi nkhani ya tsiku lina. Zinthu zitasintha m'dziko muno Bauleni anakatenga mkazi wake Nachisale, yemwe inu mumati agogo a ku kona, aja okupatsani chimanga chokazinga aja. Mphamvu zitatha, mgodi unatitulutsa tonse awiri ndi kapenshoni kathu ndi chifuwa, tinadzakhala kuno ku Seraleng.

Nthawi imeneyo n'kuti dimba la komiti likungoyamba. Anapeza malo, anatchinga ndi waya, anabweretsa thanki ya madzi, aliyense wofuna ankapatsidwa mabedi. Ife a ku Malawi tinalipo mabanja asanu, ndipo anatipatsa ngodya ya kumunsi, ya miyala, imene ena onse anaikana. Tinatola miyalayo ndi manja, tinathira manyowa a mbuzi ochokera ku Wonderkop. Patatha dzinja limodzi ngodya ija inali yobiriwira kuposa dimba lonse, mpiru, nkhwani, bonongwe, therere. Anthu anayamba kuitchula kuti ku Malawi. Amayi a Chitswana ankatuma ana kuti pita ku Malawi ukagule masamba. Ife dzinalo linkatikoma.

Chaka china tcheyamani wa komiti, a Modise, anagula mbande za tomato pa lole ina yochokera ku mafamu a kumpoto. Zinali zotsika mtengo, ndipo wogulitsayo anati ndi mtundu wosagwidwa matenda. Anagawira aliyense. Ife a kumunsi, poti tinali akhama, tinawokera tsiku lomwelo, pamene ena anazisiya m'mathireyi mpaka zambiri zinauma. Tomato anamera bwino, koma atayamba maluwa anayamba kufota masana, ngakhale tithirire bwanji. Bauleni anazula mmodzi, anagwedeza dothi, n'kundiitana.

"A Phiri, taonani izi."

Ndinaona mikanda ija ya m'munda wa bambo anga.

Tinapita nawo muzuwo kwa a Modise. Bauleni anawauza m'Chitswana chake chosakaniza ndi Fanakalo, chilankhulo cha mumgodi, kuti matendawa abwera ndi dothi la mbande za pa lole, ndipo mbande zotsalazo azitenthe zisanalowe m'mabedi ena.

A Modise anaseka. "Madala, inu munali oboola miyala. Za matenda a mbewu zisiyireni ophunzira."

Ophunzirawo anabweradi, ngakhale sanaitanidwe ndi komiti. Anali mtsikana wa ku yunivesite dzina lake Dineo, wovala nsapato za mphira ndi chipewa chachikulu, amene ankazungulira m'madimba a kufupi ndi migodi kutenga dothi. Maphunziro ake anali a tinyongolotsi timeneti. Anthu ena pa dimbapo anamuyang'ana ngati wamisala, koma Bauleni anamugwira dzanja, kumukokera ku bedi lake n'kumuzulira tomato. Mtsikanayo anagwada pansi, anayang'ana mizu ija nthawi yaitali.

"Rra," anatero, ndiye kuti bambo m'Chitswana, "mbande zimenezi anati ndi zosagwidwa?"

"Anatero."

"Ndiye kanyongolotsi aka si kamene tinakazolowera. Mundilole ndizibwera."

Anabwera kwa madzinja awiri. Ine ndi Bauleni tinkamukumbira. Iye ankaloza malo, Bauleni ankatsutsa n'kuloza pena, ndipo kawirikawiri mtsikanayo ankatsatira Bauleni. Dothi ndi mizu tinkaziika m'timatumba ta pulasitiki. Kulemba pa timatumbato inali ntchito yanga, chifukwa ine ndinafika Sitandade 6 ndipo dzanja langa ndi labwino, mukaone m'Baibulo langa. Dineo anati ndizilemba dzina la malo ndi nambala. Ine ndinalemba dzina limene aliyense ankaitanira ngodya yathu. Malawi 1, Malawi 2, Malawi 3, mpaka timatumba tonse. Ndinkalemba mwa zilembo zikuluzikulu, monyada.

Tsiku lina anabwera ndi makina oonera tinthu tating'ono, anawaika pa tebulo la Nachisale pakhonde. Ndinaika diso. Ana inu, ndinali ndi imvi kale, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaona chinthu chimene bambo anga ankachitentha ndi mapesi moyo wawo wonse osachiona. Kanali koyera ngati ulusi, kakudzipinda pang'onopang'ono m'kadontho ka madzi. Bauleni anakana kuchoka pa makinawo mpaka mkazi wake anamukoka malaya kuti nayenso aone.

Dineo anatifotokozera kuti tinyongolotsiti tilipo mitundu yambirimbiri, ndipo ndi maso timaoneka tofanana. Kuti adziwe mtundu amayeza DNA, monga muja amayezera mwana bambo akamakana. Zimene apeza amazitumiza ku nkhokwe ina ya pa intaneti, kumene ophunzira a dziko lonse lapansi amasungako zoterezi. Kanyongolotsi kalikonse kamakhala ndi tsamba lake, pamene amalembapo mtundu wake, dziko limene kanapezeka, ndi munthu amene anakatola. Munthu wa ku China kapena ku Brazil akapeza kake, amakafanizira ndi tam'nkhokwemo n'kudziwa kumene kachokera.

"Ndiye dzina langa lifika ku China?" anafunsa Bauleni.

"Lifika, Rra."

Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira.

Patapita miyezi Dineo anandiimbira foni. Anati zotsatira zatuluka, kanyongolotsi kathu ndi kamtundu wolusa, kofanana ndendende ndi kamene kakuvutitsa alimi ku mafamu a kumpoto kwa dziko lino. Anati Bauleni ananena zoona, kanabwera ndi dothi la mbande, chifukwa mu njere zouma sikayenda. Anatinso wapeza malo opitirizira maphunziro kunja, anyamuka posachedwa, koma zonse wazisiya kwa anzake a mu labu kuti azitumize ku nkhokwe kuja. Tinamufunira ulendo wabwino. Pepala sanatisiyire, ndipo ife sitinaganize zopempha.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene mtima wanga umawira mpaka lero.

Matenda aja anafalikira. Mbande zotsala zija anthu anaziwokera ndithu, makasu ankabwerekana, madzi a mvula ankayenda, ndipo patatha madzinja ena awiri dimba lonse tomato anakanika, ngakhale sipinachi anayamba kufota. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti zinayambira ku ngodya ya kumunsi. Ena anakumbukira kabotolo ka njere ka Bauleni. Komiti inaitana mlangizi wa zaulimi, mwamuna wa taye, amene anatenga mizu, anapita, n'kubweranso patatha masabata angapo ndi laputopu. Anaitanitsa msonkhano Loweruka masana mu holo ya tchalitchi.

Anati mizu ija anakaiyezetsa, ndipo atafanizira ndi za m'nkhokwe ya pa intaneti wapeza kuti kanyongolotsi ka m'dimba lathu kalembedwamo kale. Anatembenuza laputopuyo kuti tonse tione, n'kuloza ndi cholembera pa mzere umodzi. Pamene panayenera kulembedwa dziko, panali palembedwa kuti Malawi.

Holo yonse inatembenuka kutiyang'ana.

Ine ndinaimirira. Ndinanena za lole, ndinanena za Dineo ndi foni imene anandiimbira. Mlangizi anafunsa ngati ndili ndi pepala. Ndinalibe. Ndinaimba nambala ya Dineo pamaso pawo, sinalinso kugwira.

"Madala," anatero mlangiziyo mofatsa, ndipo kufatsa kwakeko ndi kumene kunandipweteka kwambiri, "izi sindinalembe ine. Zalembedwa ndi asayansi, ndipo dziko lonse likuziwerenga. Mukufuna tikhulupirire inu kapena izi?"

Bauleni sanamve zambiri chifukwa cha khutu lija. Anandikoka dzanja n'kufunsa mokweza kuti akuti bwanji. Ndinamuuza. Anaimirira pang'onopang'ono.

"Ine ndabweretsa mpiru m'dziko muno," anatero. "Ambiri a inu mwadya. Matenda sindinabweretse. A Modise, kodi muzu uja sindinabwere nawo pakhomo panu?"

A Modise anayang'ana pa mapepala awo. Kumbuyo wina ananena mawu aja amene amatitchula nawo alendo, aja ndinakuletsani kuwabwereza m'nyumba muno. Kenako anthu anavota pokweza manja. Mabanja onse asanu tinachotsedwa m'dimba.

Lolemba lake anthu a komiti anakumba mabedi athu ndi mafosholo. Sanasiye ngakhale therere, limene linalibe vuto lililonse. Bauleni anaima kunja kwa waya kuonerera kuyambira m'mawa mpaka anamaliza. Ndinamuuza kuti tiyeni kunyumba, anakana.

Sindinena kuti tsamba la pa kompyuta ndi limene linapha mnzanga. Chifuwa chake chinali cha mumgodi, chinali kumudya kale. Koma ndinaona ndi maso anga munthu amene ankadzuka tambala asanalire kukathirira akuyamba kugona mpaka dzuwa kufika pakhonde. Anasiya kupita kutchalitchi chifukwa amayi ena kumeneko ankati amene uja ndiye anatiphera dimba. Munthu wolankhula mokweza uja anayamba kunong'ona. Nyengo yozizira yotsatira tinamuika m'manda konkuno. Ku Ntcheu kunangopita sutikesi yake.

Zaka zinapita. Inu ena munali musanabadwe, ena munali kumbuyo. Ine nkhaniyi ndinaimeza, ndinkangoitafuna ndekha. Ndiye Tamandani, mwana wa amalume anu, atalowa koleji ya zaulimi, anabwera patchuthi n'kumandiuza kuti akuphunzira za tinyongolotsi ta m'mizu, akuyesa kuti andidabwitsa. Ndinamufotokozera zonse. Anatulutsa foni n'kuyamba kutokosa ndi zala ziwiri, muja mumachitira inu. Ine ndimanyoza mafoni anuwa, ndipo sindisiya, koma tsiku limenelo ndinasendera pafupi naye ngati mwana.

"Agogo, ndalipeza."

Tsamba lija linali pomwepo, losasintha, zaka zonsezi. Anandiwerengera mzere ndi mzere. Mtundu wa kanyongolotsi. Mbewu yake, tomato. Dziko, Malawi. Wotola, dzina la pulofesa wina amene nsapato yake sinapondepo ku Seraleng. Dzina la Bauleni munalibe. Kenako anafika pa mzere wina waung'ono umene mlangizi uja sanatiwerengere.

"Apa alemba dzina la sampulo, ndiye kuti kathumba kamene kanachokeramo. Akuti Malawi 3."

Ndinamuuza kuti abwereze. Anabwereza.

Ana inu, ndinadzuka ndinapita kuseri kwa nyumba. Dzanja limene linalemba mawu amenewo ndi ili. Munthu wina mu labu, amene sankatidziwa, anatenga kathumba, anawerenga zilembo zanga zonyada zija, n'kuganiza kuti dothilo lachokera ku Malawi. Sanafunse. Sanaimbe foni. Anadinda batani n'kupita kukamwa tiyi. Ndinadzida tsiku limenelo, koma nditaganiza bwino mkwiyo unabwerera kwa eni ake. Ine ndinali wa fosholo, ndinalemba dzina limene ndinkalidziwa. Iwo ndi amene anali ndi madigiri. Mlangizi naye anaona nambala 3 ija ndi maso ake, sanadzifunse kuti kodi maiko otchedwa Malawi alipo angati.

Tamandani anati tilembe kalata ku nkhokweko. Ine ndinkanena, iye ankamasulira m'Chingerezi. Anayankha mwaulemu kuti iwo amangosunga, sangasinthe kanthu, wosintha ndi yekhayo amene anatumiza. Tamvani zimenezo. Bodza kulowa linalowa ndi batani limodzi, koma kuti lituluke pakufunika chilolezo cha mwini bodzalo. Tinalembera pulofesa uja, sanayankhe. Tinalemberanso, anayankha mlembi wake kuti anapuma pantchito. Amene anadinda batani uja palibe ankamukumbukira. Tamandani anabwerera kukoleji, koma sanaleke, anafufuza mpaka anapeza Dineo ku dziko lina lozizira, ali dokotala wa zomera, ali ndi ana awiri.

Tinalankhula naye pa foni yoonana nkhope. Anandizindikira nthawi yomweyo, anamwetulira, n'kufunsa kuti Rra Bauleni ali bwanji, akulimabe mpiru?

Ndinamuuza. Sindinamusiyire kalikonse, msonkhano, mafosholo, waya, manda. Anagwira pakamwa.

"Rra Phiri, sindinkadziwa. Tsamba limenelo sindinalitsegulenso chichokere."

"N'chimene ndikudandaula," ndinatero. "Tinakukumbira madzinja awiri. Unadya pakhonde pa Nachisale. Unamuuza munthu uja kuti dzina lake lifika ku China. Sukanatha kutsegula kamodzi kokha n'kuona ngati alemba zoona?"

Tamandani ankandikodola kuti agogo chepetsani. Sindinachepetse. Mtsikanayo, kapena ndinene kuti mayiyo, sanadziteteze. Analira, n'kunena kuti mabuku ake a kumunda akadali nawo, muli mapu a dimba lathu ndi masiku onse, ndipo akonza. Pa chimenecho ndimamupatsa ulemu. Ndi yekhayo mwa ophunzira onse a m'nkhaniyi amene ananena kuti ndalakwa.

Zinatenga miyezi, chifukwa anayenera kupeza chilolezo ku yunivesite yake yakale. Koma tsiku lina Tamandani anabwera ndi mapepala awiri osindikiza. Dziko, South Africa. Malo, Seraleng, Rustenburg. Wotola, Bauleni Mbewe. Panalinso kalata ya Dineo yofotokoza kuti kanyongolotsiko kanafika ndi mbande za ku mafamu, ndipo munthu woyamba kuzindikira zimenezi anali Bauleni. Musaganize kuti zonse zinayera. Tamandani akuti nkhokwe zina zinali zitakopera kale tsamba lakale lija, ndipo pali mabuku ena a ophunzira amene analemba kuti kanyongolotsika kanapezekako ku Malawi, potsatira bodza lomwelo. Amenewo sangafufutike. Ndiye mukamanditsutsa kuti agogo zili pa intaneti, muzidziwa kuti mukulankhula ndi munthu amene anaona mmene zinthu zimalowera mmenemo.

Mapepalawo ndinapita nawo kwa Nachisale. Tamandani anamuwerengera, n'kumasulira. Anamvetsera manja ali pamiyendo, kenako anafunsa kuti komiti ikumana liti.

Inakumana Loweruka, mu holo yomwe ija. A Modise anali akadali tcheyamani, atakalamba, akuyenda ndi ndodo ngati ine. Dimba linali litadzukanso, chifukwa anaphunzira kuphimba dothi ndi pulasitiki padzuwa ndi kusinthasintha mbewu. Tinalowa atatufe, ine, Nachisale ndi Tamandani. Ndinapempha mpata, anandipatsa monyinyirika. Tamandani anawerenga zonse m'Chitswana chabwino chobadwa nacho, pang'onopang'ono, kuti wina asadzanene kuti sanamve.

Atamaliza, a Modise anatsokomola.

"Ndi zomvetsa chisoni," anatero. "Koma a Phiri, inunso mukuona kuti cholakwa chinali cha kompyuta. Ife tinangotsatira zimene tinaonetsedwa."

"Kompyuta sinagwire fosholo," ndinatero. "Ndipo Bauleni anabwera pakhomo panu ndi muzu kompyutayo isanalembe kanthu. Mbande munagula ndinu. Munadziwa, munakhala chete, chifukwa kunali kosavuta kuti mlandu ugwere ife."

Kenako mayi wina wachikulire, amene bedi lake linkayang'anizana ndi lathu, ananena chapansipansi kuti iye akukumbukira lole ija, ndipo tsiku lokweza manja lija naye anakweza. Sananene zambiri, koma anayang'ana Nachisale ponena.

A Modise anakambirana ndi anzawo monong'ona, kenako analengeza kuti komiti yavomera kutibwezera ngodya ya kumunsi, tikhoza kuyamba kulima mawa lomwe. Ankayembekeza kuti tiombe m'manja. Mwa mabanja asanu aja, awiri anali atabwerera kumudzi, limodzi linasamukira ku Wonderkop, ndipo ine msana sulolanso khasu.

Nachisale anaimirira. Inu mumamudziwa, salankhula pagulu. Anauza Tamandani kuti amasulire.

"Mabediwo khalani nawo," anatero. "Ine ndabwera kudzatenga kheni ya mwamuna wanga. Yachitsulo, ya chogwirira chomanga ndi waya. Tsiku limene munatichotsa inatsala mkati. Zaka zonsezi ndakhala ndikudutsa pa waya paja ndikuona anthu akuthirira nayo."

A Modise anati sakudziwa za kheni iliyonse. Nachisale anati ili m'kanyumba ka zipangizo, kuseri kwa chitseko, ndipo adikira. Anakhalanso pansi. Msonkhano sunathe kupitirira, chifukwa palibe amene ankadziwa koyang'ana. Mapeto ake a Modise eni ake anatenga makiyi, anatuluka ndi ndodo yawo, kuwoloka msewu dzuwa likuswa mtengo, ife tonse tikuwaona pa zenera. Anabwera nayo. Inali itachita dzimbiri, pansi pake atamata ndi phula. Anaiika patsogolo pa Nachisale.

Nachisale anapinda mapepala aja, anawaika mkati mwa kheniyo, n'kuinyamula. Panjira ndinati mlamu, bweretsani ndikulandireni. Anakana. Anainyamula yekha mpaka kunyumba.

Ili pakhonde pawo mpaka lero. Mukapita kukawaona, musaiseweretse.